Kompyuta Yanga ya ku Bangula

Kompyuta yanga ili ndi mzere wa matope m'chiuno,
pomwe madzi osefukira adalekezera chaka chija.
Ndidaiyanika padenga masiku anayi ngati makakana.
Itauma idayaka ndithu,
koma kuyenda kwake ngati ngolo yokokedwa ndi ng'ombe imodzi.
Dzuwa la kuno likakwiya, kafani kake kamalira
kuposa udzudzu wa ku dambo la Ndindi,
ndipo pakona pa galasi pamatuluka mawu a Chingerezi
ondikumbutsa kuti Windozi yangayi ndi yakuba.
Ine sindidabe. Ndidaigula momwemo pa kaunjika ku Limbe.

Lachitatu kudabwera Zuze, mwana wa a Alufazema,
amene akuphunzira zamagetsi kumtunda,
kafulashi kali lende m'khosi ngati chithumwa.
Amvekere: Malume, tichotse iyi, ndikuikireni Linakisi.
Njaulere. Aliyense amasuzumira m'mimba mwake,
nkusoka pong'ambika, nkupatsira mnzake
osagwada kwa munthu.

A Nyamizinga, aphunzitsi opuma,
anali pabenchi kudikira kalata yolondolera penshoni.
Adaseka mpaka kutsokomola.
Chaulere, iwo akuti, chimabisa mbedza.
Ufa waulere tidaulandira kumsasa kuja,
m'mawa mwake kudafika otijambula zithunzi.
Nanga chinthu chopanda mwini chikadwala
ukadandaula pakhomo pa yani?
Mbuzi ya mudzi wonse imagona panja.

Mayi Dominga, ogulitsa masawu pakhonde langa,
adayankha osatembenuka nkomwe:
Mbewu ya thonje timakagula kukampani chaka ndi chaka.
Ya mapira ndidatenga kwa mayi anga,
ndagawira theka la mudzi, nawonso agawira ena.
Mwini wake ndani? Koma siidagonepo panja.

Zuze adawomba m'manja ngati wapeza loya.
Mayiwo nkuwonjeza, akuthamangitsa ntchentche:
Kungoti mapira safuna waulesi, mwanawe.
Mbalame umapirikitsa wekha.

Ndidavomera, mwina chifukwa cha kutentha.
Kamzere kadayamba kukwawa pagalasi ngati bongololo,
katafika pakati, magetsi thii!
Tidakhala chete kumvetsera thukuta likutsika mumsana.
A Nyamizinga sadanene kanthu,
koma chete wawo anali ndi mano.

Cha m'ma folo magetsi adabwerera, tidayambiranso.
Kompyuta idadzuka ngati yamwa mankhwala a malungo,
yopepuka, kafani kali phee,
mawu onditcha wakuba aja atasowa.
Ndidatayipa kalata ija zala zikuvina.
Koma pulinta idakana mlendoyu.
Idangophethira kagetsi kofiira, osamupatsa moni.

Zuze adakwera pachulu kuseri kwa chigayo kusaka netiweki,
nkufunsa anthu amene sadzawaona nkhope.
A Nyamizinga adapalasa njinga kupita kwawo chimanjamanja,
belu lawo likulira mwachipongwe mpaka pamphambano.

Usiku wina wake adayankha,
kaya ali dziko liti, kaya kwawoko kunali masana.
Mizere itatu yokha, osatchula mtengo.
M'mawa pulinta idatsokomola kawiri nkulavula pepala.

Aphunzitsi adalikweza kudzuwa,
kulitembenuza uku ndi uku, kusaka mbedza ija.
Adapeza chilembo chimodzi chosowa m'dzina lawo.
Chimenecho sichinali cha Linakisi.
Chinali changa.

Mpaka lero sadagonje.
Amati tidikire mvula ya Januwale tione.
Zuze adabwerera kusukulu, foni yake siyimapezeka kawirikawiri.
Ine ndimapapasabe mabatani
ngati munthu wosamukira m'nyumba yatsopano
amene usiku amasaka chitseko kukhoma lakale.
China chikavuta ndimakwera ndekha pachulu paja.
Mayi Dominga akandiona amafuula ali pakhonde:
Bwanji, mbalame zatera?