Kumbuyo kwa Tikiti

Ukufunsa koyenera kupita, mlendo iwe
wa chikwama chonga chigoba cha kamba?
Yamba wakhala pansi. Tiyi uyu ngwaulere.
Ine Nurettin ndagwira chiwongolero cha basi
zaka makumi atatu ndi zinayi.
Misewu ya dziko lino ili mu msana wangawu,
ukandiwawa usiku ndimadziwa kuti ndi phiri liti.

Pinda mapu akowo.
Bweretsa tikiti, ndikulembere kumbuyo kwake.

Ku Istanbul usathamangire kumene kwafola alendo anzako.
Kwera chombo cha m'mamawa chopita ku Kadıköy,
cha anthu a ntchito owodzera chiimirire.
Gula buledi wobulungira uja wa chitowe,
theka udye, theka uponyere mbalame za m'nyanja,
zimawakha m'malere osaphonya.
Wachoka ku Ulaya, wafika ku Asia,
tiyi asanazizire n'komwe m'tambula.

Ku Ankara tenga sitima ya kum'mawa.
Ilibe changu imeneyo,
usiku wonse ndi tsiku lonse ili tsetsetse
ngati wobwerera ku maliro.
Usagone ikayamba kulondola mtsinje wa Firate
m'zigwembe zimene msewu wanga sunafikeko.
Wina akakuninkha dzira lowiritsa, landira,
dzina udzamufunsa mutadya.

Ukatsike ku Kars, makamaka m'chisanu,
pamene ndevu zimauma gwa ngati tsache
ndipo chipale chofewa chimalira kunsi kwa nsapato.
Kuseri kwa siteshoni funsa mayi Gülizar,
amaphika tsekwe wofutsa ndi mchere.
Uwauze kuti ngongole ija sindinaiwale,
koma usawauze kumene ndikukhala.

Kutacha pita ku Ani.
Ndi mzinda wakufa, matchalitchi opanda denga,
mphepo yokha ndiyo yatsala kupembedza.
Tsidya la chigwa ndi dziko la eni,
galu wouwa kumeneko udzamumva bwinobwino
koma mlatho unagwa kalekale.
Usajambule msanga. Ima kaye, manja m'thumba.

Ku Van amati kuli amphaka a maso awiri osiyana.
Ine ndinaonako mmodzi, anandibera nsomba.
Ukafuna pita, ukafuna leka.

Ku Rize mvula sigogoda pakhomo.
Tiyi ukumwayu amathyoledwa kumeneko,
pa mapiri oimirira ngati khoma,
ndi amayi oti mwendo umodzi m'mwamba, wina m'munsi.
Ukawaona sudzasiyanso tiyi wotsala m'kapu.

Tikiti yatsala pang'ono kudzaza.
Malo omaliza alibe dzina loti ndilembe.

Ukadutsa Artvin, pa msewu wakale wotsata mtsinje,
pali khona lakuthwa, kasupe wotuluka m'thanthwe,
benchi la thabwa limodzi pansi pa mkuyu.
Ndinadutsapo maulendo osawerengeka, osaima.
Tsiku lina Saniye, mkazi wanga, ali pampando wa kuseri kwanga,
anandigwira phewa: taima, ndimweko madzi awo.
Ndinayang'ana wotchi,
ndinayang'ana anthu makumi anayi pa kalilole,
ndinati ulendo wina, mayi.
Iye anangoti chabwino, n'kupitiriza kusenda lalanje.

Saniye anapita zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.
Ndamva kuti madamu anameza misewu yambiri kumeneko.
Ine sindinapite kukaona,
maondo ndi chifukwa chimene ndimauza anthu.

Iwe pita.
Uuze dalaivala akutsitse ngakhale ang'ung'udze,
ndikuwadziwa, amaima ukaumirira.
Ukapeza kasupeyo, imwa ndi manja awiri,
ukhale pa benchipo mpaka basi ina idutse,
kenaka undilembere mawu ochepa chabe,
ngati madziwo ndi ozizira, ngati mkuyu ukubala.
Keyala ndi ya nyumba ya tiyi ino, amandidziwa.

Ukapeza nyanja yokhayokha, usandilembere.

Imva, hutala iyo ndi ya basi yako.
Tikiti nayi, usainyowetse.
Ndalama bweza m'thumba, ndakuuza kale za tiyi.