Katoni Pansi pa Injini

Lolemba m'mawa, kuseri kwa nyumba ya lendi ku Turffontein,
ndinapeza kadontho kobiriwira pa simenti,
kukula kwake ngati ndalama yachitsulo,
pomwe Korola yanga inagona usiku.
Ndinakafafaniza ndi nsapato. Ndinati ndi mame.
Koma mame a ku Joni sanunkhira ngati switi.

Lachitatu muvi wa kutentha unayamba kukwera
ndili pakati pa msewu waukulu,
kumbuyo masutikesi a anthu atatu othamangira basi ya ku Blantyre.
Ndinatsegula hita mpaka kumapeto kuti injini ipume,
thukuta kamukamu m'mwezi wa Juni,
mayi wina n'kufunsa: Achimwene, mukutiwotcha dala?

Galimotoyi inabadwa mwana wanga woyamba asanabadwe.
Ndinaigula kwa nkhalamba ya ku Boksburg
imene inasisita boneti potsanzikana nayo.
Ikagona, lendi yagona,
fizi ya Tiyese yagona,
malata amene ndinalonjeza ku Ntcheu agona.

A Mkwezalamba, amene anafika kuno migodi ikadali ndi anthu,
sanagwire ngakhale sipanala.
Anangoti: Usagule rediyeta chifukwa cha mantha.
Yala katoni pansi, ukagone.
Koma udziwe, dontho siligwera pomwe labadwira.
Ulitsate chokwera.

Kutacha katoni inali ndi banga kumanzere.
Ndinapapasa rediyeta, youma.
Pampu yamadzi, youma.
Paipi yaikulu yolimba ngati mkono wa mwana wodya bwino.
Injini yozizira imabisa matenda ake
monga timachitira tonse poimba foni kumudzi.

Madzulo magetsi anazima dera lonse.
Ndinailiza, tinadikira kuti itenthe,
Tiyese atanyamula foni ngati tochi,
mano akugwedezeka, juzi la sukulu mpaka m'zala.
Unika apa. Ayi, apa. Pomwe pali chala changa!
Dzanja linalowa m'mphako ya zitsulo,
linatuluka litasupuka, lopanda nkhani.

Ndi iyeyo anaona.
Adadi, pali mchere uku.
Kuseri kwenikweni, kumene maso anga a zaka makumi anayi safika,
kapaipi kopita ku hita,
kilampu itadyedwa ndi dzimbiri, italuma mphira,
mozungulira mwake chikhungu choyera cha masiku ambiri.
Tinayang'anitsitsa.
Kamkanda kamadzi kanatupa, kanatupa,
kanatsetsereka, tswii! pa chitsulo chotentha.
Kanthu kakang'ono chonchi
kundisowetsa tulo sabata yathunthu.

Ndinafuna kutsegula chitsekerero pomwepo.
A Mkwezalamba anapinda malaya osanena kanthu,
n'kundionetsa chipsera chochokera pachigongono mpaka padzanja.
Tinakhala pa matayala akale, injini ikuzizira,
ikulankhula yokha, the, the, the,
iwo akuwerenga mayina a anzawo amene sanabwerere.

Ndinadula nsonga yowola ndi mpeni wa tomato,
kutalika kwake ngati mfundo imodzi ya chala.
Paipi inakana, ndinaipaka sopo, inalola.
Kilampu yatsopano, marandi khumi ndi asanu pa shopu ya pakona.
Ndinamanga, ndinaonjeza theka, ndinaleka:
kumangitsa ndi kumene kunapha inzake ija.
Kenako madzi obiriwira, pang'onopang'ono,
ndikufinya paipi ngati ndikukama,
mpweya wobisala ukutuluka, bwi, bwibwi,
mpaka unatha mawu.

Katoni ina pansi. Tulo tabodza.
Tambala kuno kulibe, anandidzutsa ndi hutala za mataxi.
Ndinagwada pa simenti yozizira, ndinasolola:
mapazi a mphaka awiri, fumbi la migodi, basi.

Tiyese akuti ndimulipire marandi makumi awiri,
mchere uja anaupeza ndi iye.
Ndamupatsa khumi, tikukambiranabe.
Ndipo m'mawa uliwonse, ndisanalize,
ndimawerama, dzanja limodzi pabondo,
anthu a pa geti n'kumaganiza kuti ndataya kiyi.