Ng'ona ya mu Hull

Lachiwiri m'mawa, mvula ikukanda mawindo,
majekete onyowa akudontha pamipando.
Declan wakweza foni m'mwamba ngati chikho:
"Aphunzitsi, ng'ona! Mumsewu wa Holderness,
ikusambira m'madzi osefukira!
Anthu zikwi makumi anayi agawana kale."

Sindinamulande foniyo.
Ndinaika chithunzicho pakhoma, chachikulu,
n'kuti: tiyeni tiionere ng'ona yathu.

Wajambula ndani? Zii.
Anaima pati, poti madzi afika m'chiuno?
Zofia anayandikira, maso tsinzinitsinzini:
"Zilembo za pasitolo iyo si mawu ayi,
zangokhala ngati nkhuku yapalasa."
Idris anati basiyo ikuyenda kumanja,
ndipo ilibe nambala.
Wina kumbuyo anafufuza, n'kuipeza ng'ona yomweyo,
mchira womwewo, mano omwewo,
ikusambira m'mizinda ina itatu chaka chatha.

Declan makutu anafiira.
"Koma ananditumizira ndi bambo anga."

Apo choko cha m'mutu mwanga chinathyoka.
Ndinakhala pa desiki, zomwe sitiloledwa,
n'kuwauza za ine:
chaka chomwe ndinkasaka njira yobwerera kuno,
tsamba lina lokhala ndi chidindo, mbendera, ndi nkhope zomwetulira
linandilonjeza ntchito ndi nyumba.
Ndinagulitsa mashini osokera a mlamu wanga.
Ndalama zitapita, tsambalo linasungunuka ngati mchere.
Ndinali ndi digiri, ana inu.
Bodza silifunsa satifiketi,
limangofunsa chimene mtima wako ukulakalaka.

Kwathu timati chikomekome cha mkuyu
m'kati muli nyerere.
Ndinavutika kuwamasulira,
mpaka Zofia anati, "Ndiye tiziyamba tang'amba?"
Eya. Ng'amba kaye.
Funsa mwini nkhani, funsa tsiku,
funsa amene akudyapo iwe ukakwiya.
Chala chidikire mutu.

Belu linalira. Declan anatsalira pakhomo:
"Ndiwauze bwanji osawachititsa manyazi?"
Ndinati uwaonetse basiyo, aipeze okha.

Madzulo, m'basi ya nambala yake yeniyeni,
foni yanga inanjenjemera.
Achemwali ku Area 25: mawu a dokotala wopanda dzina,
akuti madzi a anyezi athetsa shuga m'masiku atatu,
tumizirani onse amene mumawakonda.
Ndinaganiza za amalume, mapazi awo otupa.
Chala changa chinali chitanyamuka kale.

Ndinachibweza m'thumba,
n'kuyang'ana panja:
msewu wa Holderness, wonyowa, wakuda bii,
wopanda ng'ona.