Kabuku ka Malemu Techera

Tinaigula kwa mayi wamasiye ku Tacuarembó,
galimoto yaing'ono, yofiira mosuluka ngati njerwa yakale,
zitseko zinayi, chimodzi chotsegulira kunja kokha.
Mayi Nilda sanatsitse mtengo ndi peso imodzi yomwe.
Anangoti, "Mukatsegule kabokosi kakutsogoloko,"
n'kulowa m'nyumba kuti asatione tikuchoka.

Munali kabuku ka chikuto chobiriwira.
Malemu Ademar Techera analembamo zonse ndi pensulo:
tsiku lothira oilo, makilomita, dzina la makaniko,
tayala lomwe linaphulika panjira ya ku Paysandú,
ndipo penapake, m'mphepete mwa tsamba,
"Ikatsokomola m'mawa musaikalipire. Dikirani."

Mlamu wanga Heber anaizungulira katatu,
anaponda tayala, anagwada, ananunkhiza utsi.
"Mwagula matenda a eni," anatero.
Chaka chomwecho yake yatsopano inagona kugalaja milungu isanu
kudikira kachitsulo kochokera kutsidya kwa nyanja.
Sindinanene kanthu.
Ndinkangomutenga popita kuntchito.

Sikuti ndi mngelo ayi.
Pachitunda imabuula ngati munthu wangongole,
wailesi imagwira nyumba imodzi, ya mitengo ya nkhosa ndi ubweya,
ndipo tsiku lina mvula ikukhuthuka inatizimira pamlatho,
ine ndi apongozi tikukankha, madzi m'maondo,
iwo akutukwana m'Chipwitikizi cha kumalire.

Koma usiku uja wa mu Julaye, chisanu chitayeretsa udzu,
Marisel anandifinya mkono nati nthawi yakwana.
Ndinapotokola kiyi. Inatsokomola.
Ndinapotokolanso. Zii.
Dzanja linanyamuka lokha kuti limenye chiwongolero,
kenaka ndinakumbuka pensulo ya munthu amene sindinamuonepo.
Ndinawerenga mpaka khumi.
Inalira.

Makilomita makumi asanu ndi limodzi a msewu wamiyala,
ng'ombe zitaima m'mbali, maso ngati makala a moto,
Marisel akuluma lamba wapampando,
iyo osaphonya mpweya ngakhale kamodzi.
Lautaro anabadwa kusanache.

Tsopano m'kabukumo ndimalemba ndine,
zanga zokhotakhota pansi pa zake zowongoka.
Dzulo ndalemba: oilo, 241,300, lamba wa injini wayamba kulira.
Masamba atsala anayi.
Marisel akuti tigule kabuku kena.
Ndinagula kale, ndinakabisa m'nyumba,
kuopa kuti galimoto ingakaone
n'kuyamba matama.