Kabokosi ka Miyendo Inayi

Chiperoni chagona pa Chitakale masiku atatu,
phiri silikuoneka, ngati mwini wake walitenga.
Ine ndapinda msana m'buti ya takisi ya a Mulekano,
tochi kukamwa,
fungo la zinanazi za dzulo likundilowa mpaka kukhosi.

Atopa nako kutsika pa siteji iliyonse,
bondo linawakana kalekale.
Akuti akadina rimoti, buti izitseguka yokha.

Bambo akhala pa tayala lakutha, jekete mpaka m'makutu.
Chidwalireni, dzanja lamanja siligwira pulayazi,
limangonjenjemera pantchafu ngati mwanapiye wonyowa.
Maso nawo achita nkhungu.
Koma manambala sanawataye.

"Esinala, 30 apite ku batire. Fyuzi usaiwale,
ndinaotchapo lole ya kuesiteti ndi ulesi womwewo.
85 ku chitsulo. Pala penti kaye."
Ndipala.
86 ndimangirira ku kawaya kabuluu ka rimoti,
koonda ngati ulusi wa telala.
87 ndiye wa loko.

Ndili wamng'ono ndinafunsapo,
bwanji osangolumikiza kawayaka ku loko, nkhani ithe?
Anaseka mpaka kutsokomola.
"Kangapse. Iko ntchito yake n'kunong'ona basi.
Lileyi ikamva imakoka kachitsulo mkatimo,
moto waukulu n'kudutsa."

Ndidina. Zii.
Ndidinanso. Zii.
Anyamata a kabaza pakhonde la golosale
ayamba kumeza chiseko mondionetsa.
A Mulekano ayang'ana wotchi, kenaka mitambo.

"Ndidzutse."
Ndiwagwira m'khwapa, apepuka bwanji masiku ano.
Chala chakumanzere chifufuza, chipeza kabokosi,
chikhala pamenepo ngati cha namwino pamtsempha.
"Dina."
Atseka maso.
"Kakugunda aka. Kalibe mlandu.
Fyuzi ija ili kuti?"

Ili m'thumba la ovolosi yanga,
pamodzi ndi chenje cha mandasi.

Sanandikalipire. Angopempha mpando.

Ndiibaya m'malo mwake, ndidina,
khwa!
chitseko chidzuka pang'ono ngati chikupereka moni.
Wakabaza mmodzi aimba likhweru.
A Mulekano adina kanayi konse, akuseka ngati mwana,
alipira, awonjezapo zinanazi ziwiri.

Ndikusonkhanitsa zida, mvula yayambanso kuwaza.
Kumbuyo kwanga mawu aja, otsika, osamveka kutali:
"Tepi wakulunga kangati?
Bwereza. Kuno madzi salephera polowa."

Manja anga ayamba kale kukulunga.