Nsapato za Mpira ku Valparaíso

Eliseo, vula kaye nsapatozo, ukhale apa.
Sitima padoko idikire, lero ndichedwa ku ntchito.

N'zokongola, inde. Don Fermín anagulira iwe wekha
mwa anyamata khumi ndi anayi.
Dzulo anakukweza galimoto yake mpaka pamwamba pa phiri
nati, "Usakanene kwanu, angachite nsanje."

Mawu amenewo andisowetsa tulo.

Mwanawe, mphatso yabwino siopa kuwala.
Nyambo ndiyo imabisa mbedza.
Wamkulu akamakusungitsa chinsinsi,
akamati ndiwe wosiyana ndi anzako,
mauthenga ake akamabwera ife titagona,
dzanja lake likamachedwa pabondo pako
mtima nkukugunda mwachilendo,
umvere mtimawo.

Thupi lako silibweza ngongole ya nsapato.
Ukhoza kukana, ngakhale kwa mphunzitsi wa mpira,
ngakhale kwa mchimwene wanga weniweni.
Ukadzandiuza sindidzakukalipira.
Mlandu sudzakhala wako.

Akupotokola chingwe cha nsapato pachala.
Nkhungu ikukwera masitepe kuchokera kunyanja.
"Ababa," akutero chapansipansi,
"pali chinanso chimene anandiuza."

Ndazimitsa wailesi.
Ndasendeza mpando.