Tebulo la mu Katondo

Tebulo langa n'laling'ono, mikono iwiri basi,
pakhonde la sitolo ya eni ake mu msewu wa Katondo,
koma zimene limamva tsiku limodzi
sizingakwane m'minibasi ya ku Chawama.

Aliyense amafika ndi mawu omwewo:
"Yangozima yokha."
Foni sizima yokha, abale.
Ndikangoitsegula imaulula zonse:
mchere wa thukuta la pachifuwa,
fumbi la makala a ku Soweto,
batire lotupa ngati chitumbuwa
chifukwa linagona pansi pa pilo
likuyamwa moto pa tchaja yotchipa
magetsi atabwerera mwaukali pakati pa usiku.

Amene amaimbira pawindo la basi pa Kulima Tower
amabwera ndi tchaja yokha m'manja
kudzafunsa ngati wina wandigulitsa yofanana nayo.
Ine sindigula foni yothawa mwini wake.

Wina, bambo wa tayi, anakhala pa benchi apa
foni ili bwinobwino, galasi lopanda mng'alu,
koma nambala yachinsinsi anaipereka yekha
kwa mawu aulemu amene anati akuimba kuchokera ku kampani.
Ndinamuuza zoona:
sikuludiraiva yanga sifika kumeneko.

Lachiwiri kunabwera mayi Zelesi Sakala a ku Kanyama,
matope mpaka m'akakolo,
foni ataikulunga m'mpango ngati khanda lodwala.
Madzi analowa m'nyumba usiku,
anayamba kunyamula ana, foni n'kugwa pampando.

"Munayesa kuiyatsa?"
"Kasanu."
Ndinagwira mutu.
Foni yonyowa imafuna kugona, mayi,
osaidzutsa, osaiika pa tchaja, osaiwotcha pa mbaula.
"Ndinaikwirira mu mpunga."
Mpunga ndi wa m'poto, ndinatero,
ndikuyamba kuwauza mtengo wa ina.

Anandidula pakamwa.
"Ina sindikuifuna.
Muli mawu a Gelesomu m'menemo.
Anawatumiza ali m'chipatala, sabata lomaliza.
Si zachikondi ayi, sanali wotero.
Akundikumbutsa za lendi
ndi nsapato za Dailesi zimene zinatha chidendene.
Koma pakati amatsokomola,
kenako amaseka."

Ndinaika pambali mafoni ena onse.
Kabulashi, sipiliti, galasi lokuzira zinthu,
dzimbiri lobiriwira litayamba kale kumera
m'tinjira tating'ono ngati tsitsi.
Magetsi anapita. Yotamu, mwana wa mlongo wanga,
anandiunikira ndi tochi mpaka mkono kuchita dzanzi,
osadandaula, zomwe si khalidwe lake.

Lachinayi masana inaphethira.

Msewu sunakhale chete chifukwa cha ife.
Kondakitala ankaitanira za ku Matero,
wogulitsa masokosi ankakangana ndi wa nthochi.
Iwo anaikanikiza kukhutu,
khutu linalo atatseka ndi chala,
akugwedeza mutu ngati munthu amene akulangizidwa
ndipo akuvomera.

Ndisanawabwezere ndinakopera mawuwo pa kakhadi,
ndi pa foni ya mwana wawo wamkulu.
Chimene mumakonda, ndinawauza,
musachisunge m'thumba limodzi.
Anaikulunga m'pulasitiki ya buledi,
kumanga mfundo ziwiri.
Pa mtengo sitinakangane.

Madzulo, tikukweza tebulo,
ndinatulutsa yanga,
yong'aluka pakona, yomata ndi selotepi.
Yotamu anaseka: "Sing'anga wa zilonda."
Ndinamusiya aseke.
Ndinaima mkati mwa chitseko, kutali ndi manja a mumsewu,
n'kuimbira amayi ku Katete.

Inaitana nthawi yaitali.
Amaisunga m'chitini cha shuga poopa mbuzi ndi adzukulu.
"Kwagwanji?" anafunsa, akupuma mwaphuma.
Palibe, ndinatero.
Ingolankhulani.